Wadi, party plot, hotela kapena ukwati wa gulu: kuyerekeza njira zokonzera ukwati wa Chigujarati

Banja la Chigujarati likangomaliza mwambo wa gol dhana, pamene mbali ziwiri zimagawana shuga wa nzimbe wosayenga ndi njere za dhana (coriander) posonyeza kuti mnyamata ndi mtsikana atomerana, akuluakulu amakhala pansi n'kuyamba kuwerengera ndalama. Ambiri amathamangira kufunsa mtengo wa holo, wa sari ya mkwatibwi ndi wa wojambula zithunzi, koma zimenezo zimayenera kubwera pambuyo. Ukwati wa Ahindu a ku Gujarat, dera la kumadzulo kwa India, umatenga masiku atatu kapena kuposerapo, ndipo chimene chimameza ndalama kwambiri ndi mbale za chakudya. Funso loyamba ndi lakuti abwera anthu angati, adya kangati, ndipo ochokera kutali agona kuti. Njira zimene mabanja amasankhapo zimasiyana makamaka pa mmene zimayankhira funso limeneli.

Makalata oitanira anthu, otchedwa kankotri, akatuluka, nyumba iliyonse imachita pemphero la kwa mulungu Ganesh ndi mwambo wa mandap muhurat wotsegulira ukwati (mandap ndi chisakasa chokongoletsedwa chimene awiriwo amakwatitsidwiramo). Kenaka pamabwera nsembe ya graha shanti, usiku wa mehndi pamene akazi amalembedwa maluwa m'manja, usiku wa gule wa garba ndi raas, mwambo wa pithi pamene mkwati ndi mkwatibwi amapakidwa phala la manjano aliyense kwawo, ndiponso mameru, pamene malume a mkwatibwi amabwera ndi mphatso. Tsiku la ukwati, gulu la akuchimuna lotchedwa jaan limafika ndi ng'oma, mayi wa mkwatibwi amalandira mkamwini wake pakhomo n'kuyesa kumugwira mphuno, ndipo awiriwo amazungulira moto kanayi, pamene kumadera ena a India amazungulira kasanu ndi kawiri. Malipiro a wansembe, amene amamutcha gor maharaj, pamodzi ndi zipangizo za nsembe zonsezi, ndi ochepa poyerekeza ndi zina. Chodula n'chakuti pa mwambo uliwonse anthu amadya.

Tingoyerekeza ndi manambala ongopangira masamu. Ku mehndi kwabwera anthu 100, ku garba 400, pa nkhomaliro ya tsiku la pithi ndi mameru 150, pa ukwati 600, ndipo paphwando lolandira akwati madzulo ake 600. Zonse pamodzi ndi mbale 1,850. Mbale imodzi ikakhala ya ma rupee 500, chakudya chokha chadya ma rupee 925,000, kapena kuti ma lakh 9.25 m'kawerengedwe ka ku India, kumene lakh imodzi ndi 100,000. Mbaleyo ikakhala ya ma rupee 1,500, ndalamayo ikwera kufika pa ma lakh 27.75. Banja likangochotsa phwando lamadzulo lija, mbale 600 zatsika nthawi imodzi, ndipo palibe kunenerera kwa kusitolo ya nsalu kumene kungapulumutse ndalama yofanana ndi imeneyo.

Chakudyacho chilibe nyama, ndipo mkati mwa Gujarat mowa sulowa m'bajeti chifukwa ndi woletsedwa kuyambira pamene deralo linakhala boma palokha mu 1960. Wina angaganize kuti zimenezi zimatsitsa mtengo, koma mbale ya ukwati imakhala ndi zinthu zambirimbiri: mpunga, puri, ndiwo zamasamba ziwiri kapena zitatu, zokazinga ndi zofutsa monga khaman ndi patra, zotsekemera monga mohanthal, basundi kapena shrikhand, ndi dal wotsekemera pang'ono wophikidwa ndi nandolo, mbewu yomweyo imene alimi a kumwera kwa Malawi amagulitsa kwa amalonda oitumiza ku India. M'nyengo yozizira alendo amayembekezera undhiyu, ndiwo yosakaniza nyemba zaziwisi, mabiringanya, mbatata ndi chilazi, ndipo m'nyengo yotentha amayembekezera aamras wa mango. Ngati pali alendo a Chijain, amene sadya anyezi, adyo ndi mbatatesi, kapena a mpingo wa Swaminarayan, amene nawonso amapewa anyezi ndi adyo, mapoto awo amakhala apadera. Chimene chakweza mitengo zaka zino ndi timagome ta ophika pomwepo, ta dosa, pasta ndi chaat, chifukwa kagome kalikonse kamawonjezera ndalama pa mbale ya mlendo aliyense, adyepo kapena asadyepo.

Pali ndalama zina zimene sizisintha kaya ukwati uchitikire kuti, ndipo ndi bwino kuziika padera banja lisanayambe kufunsa za malo. Yaikulu ndi ya golide. Mu April 2025 mtengo wa magalamu 10 unadutsa lakh imodzi ku India kwa nthawi yoyamba, ndipo pamwamba pa mtengo wa golideyo wosula amaikapo malipiro a ntchito yake, boma n'kuikaponso msonkho wa GST wa 3 peresenti. Apa pali njira zitatu. Kugula zonse zatsopano kwa osula a ku Rajkot kapena ku Manek Chowk mu Ahmedabad ndiyo yodula koposa. Kusungunula mikanda ya agogo n'kuisulanso kumalipiritsa ntchito yokha ndi golide wochepa amene amatayika posula. Njira yachitatu, imene ine ndimaiona yanzeru, ndi kugula chenicheni pa zinthu zimene mkwatibwi adzavala moyo wake wonse, monga mangalsutra, mkanda wa mkazi wokwatiwa, ndi zibangiri, n'kubwereka zonyezimira zongovalira usiku wa garba. Chogula chilichonse chikhale ndi chidindo cha bungwe la boma loona za miyezo la BIS, chimene chinayamba kukakamizidwa mu 2021, ndipo nambala ya 916 ndiyo imasonyeza golide wa makarati 22.

Zovala nazo zili ndi malamulo ake. Panetar, sari yoyera ya m'mphepete mofiira, imachokera kwa malume a mkwatibwi, pamodzi ndi zibangiri za chudo zimene kale zinali za minyanga ya njovu koma lero ndi zapulasitiki. Gharchola, sari yofiira ya mizere ya ulusi wagolide yopanga timabokosi, imachokera kwa apongozi ake aakazi. Ziwirizi sizidumphika, koma mitengo yake imasiyana kutali pakati pa ya m'misika ya nsalu ya ku Surat kapena ya ku Ratanpole mu Ahmedabad ndi yomangidwa pamanja ku Jamnagar kapena ku Kutch. Patola ya ku Patan, imene imalukidwa kwa miyezi ingapo ndipo mtengo wake umawerengedwa m'ma lakh, ndi ya amene ali nazo. Palinso kariyavar, katundu amene makolo amapatsa mwana wawo popita kubanja, monga ziwiya, zovala ndi mipando. Ameneyu ayenera kukhala mphatso ya mwakufuna kwawo, pakuti lamulo la mu 1961 limaletsa kupereka, kulandira ngakhale kupempha chuma cholowetsera mkazi m'banja, ndipo akuchimuna akayamba kutchula mtundu wa galimoto imene akuifuna, nkhaniyo yachoka m'bajeti, yalowa m'milandu.

Tsopano malo. Njira yakale kwambiri m'matauni ndi wadi, holo ya samaj, ndiko kuti bungwe la anthu a mtundu umodzi monga Apatidar, Alohana kapena Abrahmin. Nyumbazi zinamangidwa ndi zopereka za mamembala, choncho membala amabwereka pamtengo wotsika, ndipo zambiri zimakhala ndi khitchini yaikulu, mapoto akuluakulu ndi zipinda za matiresi zogonamo a jaan. Phindu lake lenileni lili pa khitchinipo. Banja limalemba wophika wamkulu, amenenso amatchedwa maharaj, iye n'kulemba mndandanda wa ufa, mafuta, ghee (mafuta a mkaka), shuga ndi masamba, ndipo abale amakagula okha pamtengo wa pikulitsa. Mwa njira imeneyi alendo 50 obwera mosayembekezeka sagwedeza bajeti, chifukwa maharaj amangowonjezera madzi ndi mpunga, pamene kwina kulikonse anthu 50 amenewo ndi mbale 50 zolipira. Kuipa kwake n'kwakuti ntchito yonse imagwera abale. Pamafunika wina woyang'anira nkhokwe ya zakudya kuti ghee asatuluke pakhomo lakuseri, wina wolandira alendo, wina wothamangira gasi akatha. Mawadi ambiri ndi akale, makoma ake ndi osaoneka bwino pa zithunzi, malo oimika galimoto ndi ochepa, ndipo banja limene lingafune kubisa zonsezo ndi nsalu ndi maluwa likhoza kuwononga pa wokongoletsa ndalama yonse imene linapulumutsa pa lendi. Masiku abwino a ukwati amalembetsedwanso msanga, nthawi zina chaka chathunthu chisanafike.

Party plot ndi bwalo la kapinga lotchingidwa ndi mpanda, ndipo mabwalo otere ali mbwee m'mphepete mwa Ahmedabad, Surat, Vadodara ndi Rajkot. Kwa banja loitana anthu 1,000 kapena kuposerapo, ndiponso kwa gule wa garba amene amafuna malo ozungulirapo, palibe malo oposa amenewa. Koma mtengo umene mwini bwalo amatchula poyamba umanyenga, chifukwa chimene akubwereketsa ndi kapinga chabe. Mandap, mahema, mipando, magetsi okongoletsa, zokuzira mawu ndi jenereta zonse ndi zolipira padera, ndipo mabwalo ambiri amakakamiza kuti mulembe wokongoletsa wawo, ena ngakhale wophika wawo, kotero kuti mphamvu yonenerera imatha musanayambe. Musanapereke chikole, funsani kuti magetsi ndi dizilo wa jenereta alipira ndani, ola lotsekera ndi liti, nanga mukadutsitsa mulipira zingati, ndipo muuzidwe mtengo wokhala ndi GST kale, popeza pa lendi ya malo ndi pa zokongoletsa msonkhowu ndi 18 peresenti. Nyengo nayo imalamula. M'mwezi wa May kutentha mu Ahmedabad kumadutsa madigiri 40, ndipo ukwati wa masana pabwalo umasanduka chilango, pamene mvula yosayembekezeka ingafune chihema chosadontha chimene sichinali m'masamu. Lamulo la dziko limaletsanso zokuzira mawu panja ikakwana 10 koloko usiku, nthawi imene garba amakhala atangoyamba kukoma.

Hotela imagulitsa mtendere wa mumtima. Holo, mipando, makina oziziritsa, operekera zakudya ndi zipinda zonse zili pamodzi, ndipo makolo a mkwatibwi amatha kukhala pa mandap osaganiza za gasi. Malipiro ake amawerengedwa pa mbale, ndipo mumasainirana nambala ya mbale zimene mudzalipira ngakhale anthu abwere ochepa, pamene akapitirira mumawonjezera. Pa alendo 200 kapena 250 hotela imatha kufanana mtengo ndi party plot, chifukwa zokongoletsa zimachepa. Pa alendo 600 masamu a mbale aja amaluma. Vuto lina ndi lakuti mahotela ambiri salola wophika wakunja, ndipo dal wa ku hotela sakhutiritsa azakhali amene anazolowera wa maharaj, nkhani imene kwa Agujarati imakumbukiridwa zaka zambiri kuposa maluwa.

Pali ena amene amatengera ukwati kutali: ku Udaipur m'dera la Rajasthan, pafupifupi makilomita 260 kuchokera ku Ahmedabad, ku Daman, ku Diu kapena ku Goa. Chifukwa chimodzi chimene sichitchulidwa pamaso pa agogo n'chakuti kumalo onsewa mowa ndi wololedwa. Otsatsa njirayi amanena kuti mtunda umachepetsa alendo, ndipo n'zoona kuti 600 aja amatsika kufika pa 150. Koma 150 amenewo mumawanyamula, kuwagoneka masiku awiri kapena atatu ndi kuwadyetsa katatu pa tsiku, ndipo pobwerera kwanu mumapeza anthu 450 osiyidwa aja akudikira phwando lawo. Banja limene lilibe mtima wokana phwando lachiwirili limalipira maukwati awiri. Maukwati oonekera pa Instagram, makamaka wa Anant Ambani ndi Radhika Merchant, umene zikondwerero zake zinayambira ku Jamnagar mu March 2024 n'kukathera ku Mumbai mu July, akweza zimene achinyamata amalakalaka, koma thumba la mphunzitsi wa m'tauni ya Nadiad ku Gujarat silinakwere nawo.

Kumbali inayo kuli samuh lagna, ukwati wa gulu, pamene maanja makumi kapena mazana amakwatitsidwa tsiku limodzi pabwalo limodzi, aliyense pa mandap yakeyake ndi moto wakewake. Amakonza ndi mabungwe a samaj, akachisi kapena anthu achuma. Mahesh Savani, wamalonda wa ku Surat, wakhala akukwatitsa motere atsikana amene bambo awo anamwalira kuyambira 2012, ndipo afika m'masauzande. Banja limalipira ndalama yochepa yolembetsera kapena osalipira konse, limapatsidwa makadi a alendo owerengeka, ndipo mkwatibwi amalandira kariyavar yochokera kwa opereka. Boma la Gujarat lilinso ndi thandizo la maukwati a gulu, komanso lina lotchedwa Kunvarbai nu Mameru, limene kuyambira 2021 limapereka ma rupee 12,000 kwa mtsikana wa m'banja losauka loyenerera. Dzinali likuchokera m'nthano ya Narsinh Mehta, mlakatuli wa ku Junagadh wa m'zaka za m'ma 1400, amene analibe chopereka pa mameru a mwana wake Kunvarbai mpaka mulungu Krishna anamuchotsa manyazi. Miyambo yonse yofunika imachitika mokwanira, ndipo ukwatiwo ndi woona mofanana ndi wa ku hotela. Chimene banja limataya ndi ufulu wosankha tsiku, chakudya ndi kuchuluka kwa alendo, ndipo ena amaopabe pakamwa pa anthu, ngakhale m'mitundu ina mabanja opeza bwino amalowamo dala kuti osauka asachite manyazi. Njirayi imataya tanthauzo lake banja likabwerera kunyumba n'kukachitanso garba wa anthu 500.

Agujarati a kunja ali ndi funso lowonjezera: kuchitira kumene akukhala kapena kubwerera ku India. Izi zimakhudza mabanja a ku Limbe, Blantyre ndi Lusaka, ngakhalenso a ku Leicester ndi Wembley, kumene ambiri anasamukira m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kuchokera ku Uganda, Kenya ndi Malawi. Ku Britain chodula ndi anthu ogwira ntchito ndi malo, ndipo si holo iliyonse imene imalola moto wa nsembe kapena wophika wakunja. Ku England, mwambo wa Chihindu wochitikira m'hotela sukwanira pawokha pamaso pa lamulo, choncho pamafunika kulembetsa ukwati padera, chidziwitso chake chitaperekedwa masiku osachepera 29 tsikulo lisanafike. Ku India mbale, maluwa, telala ndi wojambula zonse zimatsika mtengo kwa munthu wolandira mapaundi, koma matikiti a ndege a m'mwezi wa December ndiwo odula kuposa a chaka chonse, ndipo abale a kumudzi kwa agogo amayembekezera kuitanidwa onse. Mabanja ambiri amagawa pakati: amapita ku Ahmedabad kapena ku Surat miyezi ingapo ukwati usanachitike kukagula nsalu, kankotri ndi timphatso, ukwatiwo n'kuchitira kumene akukhala. Ulendowo umalipira wokha pokhapokha ngati ogulira ndi ambiri, apo ayi masitolo a pa Belgrave Road ku Leicester ndi pa Ealing Road ku Wembley ali ndi panetar ndi gharchola zokwanira.

Tsiku limene wansembe wasankha limasinthanso mitengo ya njira zonsezi. Maukwati amaima m'nyengo ya Chaturmas, kuyambira chakumapeto kwa June kapena mu July mpaka chakumapeto kwa October kapena mu November, amaimanso m'masiku a kamurta, kuyambira pakati pa December mpaka chikondwerero cha Uttarayan pa 14 January, ndiponso masiku asanu ndi atatu chikondwerero cha Holi chisanafike. Zotsatira zake n'zakuti mabanja onse amalimbirana masiku ochepa omwewo, makamaka Vasant Panchami ndi Akha Trij amene amatengedwa kuti ndi abwino kwa aliyense, ndipo eni mabwalo, ophika ndi oimba amakweza mitengo. Kupempha gor maharaj kuti apereke masiku atatu kapena anayi oyenera m'malo mwa limodzi, ena a pakati pa sabata, kumabwezera banja mphamvu yonenerera. Ochokera kunja ambiri amakwatitsa m'kamurta momwemo chifukwa ndi nthawi ya tchuthi, ndipo amapeza malo osavuta.

Kwa banja la ndalama zapakati loitana anthu pakati pa 300 ndi 600, ine ndingasankhe wadi ndi maharaj wolembedwa ndi banja, miyambo ing'onoing'ono n'kuiphatikiza: graha shanti, pithi ndi mameru m'mawa umodzi ndi nkhomaliro imodzi, mehndi kunyumba ndi abale okhaokha, garba mmodzi wa mbali zonse ziwiri mogawana mtengo, ndipo chakudya cha pa ukwati chikhale chomwecho cholandirira akwati. Kale mtolo wa tsiku la ukwati unali wa bambo wa mkwatibwi yekha, koma masiku ano mabanja ambiri amagawana, ndipo nkhaniyi ndi yoyenera kuikamba poyera sabata ya gol dhana yomweyo, zikole zisanaperekedwe.

Pa zolowa, pali chandlo, ndalama imene mlendo amapereka m'envulopu, nthawi zonse yothera ndi 1, monga 101, 501 kapena 1,001. Imafanana ndi perekaniperekani, kungoti imaperekedwa mwakachetechete patebulo pamene wachibale wodalirika amalemba dzina ndi ndalama m'kope, ndipo kopelo limasungidwa chifukwa banja lidzabweza yofanana kapena yoposerapo pa ukwati wa mwana wa woperekayo. Choncho chandlo ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja, ndipo kuiwerengera ngati yolipirira wophika n'kudziika pangozi, popeza imabwera ophika atalandira kale gawo lalikulu la ndalama zawo. Polipira, kumbukirani kuti kuyambira 2017 lamulo la msonkho ku India limaletsa munthu kulandira ma lakh awiri kapena kuposerapo a ndalama zapamanja kwa munthu mmodzi pa chochitika chimodzi, motero wokongoletsa amene akulonjeza kutsitsa mtengo mukalipira pamanja popanda lisiti akukusiyani opanda umboni tsiku limene maluwa adzabwere ofota.

Pamwamba pa zonse muike padera gawo limodzi mwa magawo khumi a bajeti la zogwa mwadzidzidzi, ndipo lina likhale la ndalama zing'onozing'ono zatsopano m'maenvulopu, m'chikwama cha munthu mmodzi amene sachoka pafupi ndi mandap. Oimba ng'oma a jaan amafuna yawo panjira, operekera zakudya amadikira yawo madzulo, ndipo azichemwali a mkwatibwi akaba nsapato za mkwati, monga mwambo umawalolera, sazibweza mpaka mlamu wawoyo atanenerera n'kulipira.